Njovu za a Fyson

Lachisanu, 2 Ogasiti

Shuga 13. Phala la mgaiwa, tiyi wopanda kanthu.

Kope ili anandipatsa anesi kuti ndizilembamo shuga wa amuna anga, a Fyson, ndi zimene adya. Koma mapepala akumbuyowa ndi anga.

Luntha wabwera masana ndi nkhani. Mwana wanga ameneyu akaganiza chinthu safunsa munthu. Akuti Lachinayi likubwerali atitenga ine ndi bambo ake kupita ku Vwaza kukaona njovu, tikagone konko tsiku limodzi. Mwamuna wake, a Walusungu, abwereka galimoto kwa akulu awo, ya masiku awiri okha. Malo ogona apeza kale.

Ndinati, Lachinayi? Iwe wailesi sumvera? Lachiwiri mademo, Lachinayi mademo. Anati, amayi, mademo amayamba dzuwa litakwera, ife tidzanyamuka sikisi.

Abambo anangovula magalasi n'kuyamba kupukuta ndi malaya. Kupukuta, kupukuta. Zaka 26 ali mesenjala m'boma ankamva mabwana akusimba za ku Vwaza Lolemba lililonse, iwo osapondako. Kwathu ku Dowa nyama yaikulu ndi ng'ombe.

Msewu wa ku Rumphi ndi womwewu wodutsa pa Luwinga pano, umene anyamata amaotcherapo matayala. Mtima wanga sukukhala pansi.

Loweruka, 3 Ogasiti

Shuga 12.

Ndapsereza mandasi anga a malonda, oyamba onse. Mtsikana wina wa ku yunivesite wanyamula limodzi n'kuti, amama, awa adutsa m'mademo? Anzake kuseka. Inenso ndaseka, ndikanatani.

Zimene ndikuopa:
Mwala kuswa galasi, galasilo kulowa m'diso limodzi lopenya limene abambo atsala nalo.
Kutsekeredwa pamsewu tsiku lonse, shuga n'kutsika.
Mankhwala awo obaya. Pano ndimasunga mumtsuko wa madzi kuti azizizira. M'galimoto ndisunga pati?
Njovu yeniyeniyo. Kodi imadziwa kuti awa ndi odwala?

Lamulungu, 4 Ogasiti

Shuga 15. Abambo andibera mandasi, ndikudziwa. Akukana.

Pochokera kutchalitchi ndayenda ndi a Nyamhango, aneba athu a kuseri kwa mpanda. Chigonekereni abambo m'chipatala mu Juni, mayi ameneyu m'mawa uliwonse amasuzumira n'kufunsa kuti adada agona uli. Nthawi ija tonse tinkati basi apita. Iye ndi amene ankandibweretsera chakudya kuwodi.

Ndamuuza za ulendo. Akuti, yayi amama, nyengo ino n'njoipa chomene, njovu ioneni pa TV. Minibasi ya mlongo wake anaiswa magalasi sabata yatha, pano akuyenda ataphimba ndi pepala la pulasitiki. Koma akuti amene amakoleka masamba kutsogolo kwa galimoto, anyamata aja amawasiya, amati awa ndi athu.

Ndamufunsa, masamba a mtengo wanji? Akuti uliwonse, bola aawisi.

Lolemba, 5 Ogasiti

Shuga 12. Kuchipatala cha maso.

Lakumanzere adokotala sanalivutitsenso, linatha kale. Lakumanja aunika nthawi yaitali. Anawaonetsa zilembo pakhoma. Mu Epulo anawerenga mizere itatu. Lero chilembo chachikulu chapamwamba chokha, nachonso mochita kuganizira.

Abambo anafunsa, adokotala, lifika Khirisimasi? Adokotala anayamba kulemba. Kulemba kwambiri. Kenako akuti, bambo, tiyesetsa, musamaphonye mankhwala.

Kudepoti ndinawasiya pang'ono kuti ndigule tomato. Pobwera ndawapeza agwira dzanja la mayi wina wovala chitenje chonga changa, akumuuza kuti tiyeni make Luntha, minibasi idzadza. Mayiyo anali wabwino, anangoima osawachotsa dzanja mpaka ine ndifike. Anati, yewo amama, katundu wanu uyu.

Ndinawagwira dzanja n'kukakwera minibasi ya ku Luwinga.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Shuga 16.

Mademo. Sindinakazinge. Mashopu onse otseka, ana asukulu adzitsekera m'zipinda zawo. Cha m'ma teni mapokoso kumsewu, mawenzulo, kenako kuphulika katatu. Utsi wokhetsa misozi unafika mpaka pakhonde pathu. Ndinanyowetsa zitenje n'kutseka kunsi kwa zitseko. Abambo misozi kuyenderera, diso lofiira ngati phwetekere. Ndawatsuka ndi madzi kanayi.

Nditawagoneka ndinapita kukhitchini n'kumuimbira Luntha. Ndanena bodza. Ndati bambo ako akuti sakufunanso, atopa, mwina mu Okutobala zinthu zikazizira. Luntha anati, anena okha? Ndati ee.

Nditalowa ndi tiyi abambo anali chogona, nkhope kukhoma. Anati, Nelia, makutu anga sadwala shuga.

Basi. Tiyi anamwa.

Ambuye mundikhululukire. Koma ndikawataya pamsewu chifukwa cha nyama, abale awo ku Dowa ndikawauza chiyani?

Lachitatu, 7 Ogasiti

Shuga 13.

M'mawa wonse akhala pakhonde kupolisha nsapato zawo za kuntchito. Polishi anapaka ndi pa sokosi pomwe, sindinawauze.

Luntha wabwera yekha, nkhope yolimba. Sanandifunse za bodza lija. Anakhala pansi pafupi ndi bambo ake n'kuti, ababa, ndiuzeni nokha. Iwo akuti, zili kwa mayi ako, ndi amene amandigwira dzanja.

Ndikanakonda akanandikalipira.

Ndinayambanso za Okutobala. Luntha anandiyang'ana, n'kuyang'ana diso la bambo ake, n'kundiyang'ananso. Akuti, amayi, mawa sikisi galimoto idzaima pamsewupo. Mukakwera tipita. Mukapanda kukwera tibwerera kwathu, palibe adzakunenani.

Ndalongedza chikwama. Ndamasula. Ndalongedzanso, mankhwala ndawakulunga m'thaulo lonyowa n'kuika m'kabotolo kathu konyamulira tiyi. Izi sizikutanthauza kuti ndavomera.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Shuga sindinayeze m'mawa. Masana 11.

Ndikulemba ndili pakhonde la kanyumba kaudzu, ku Vwaza, dzuwa lisanalowe. Ndilembe mwadongosolo.

Ndinadzuka faifi ndisanadziwe chochita. Ndinati ndithyoleretu masamba a galimoto aja, kuti ngati tipite akhalepo. Ndinathyola nthambi za mango wa kuseri, zambiri ndithu, poti sindimadziwa kuti zimafunika zingati. Zinali ndi nyerere, ndiye ndinaziyala pamsewu pafupi ndi geti kuti nyererezo zichoke, zina uku, zina uko. Mutu wanga unali ku matayala. Ine mayi wamkulu, woyenda m'maliro chiyambire utsikana, osaganiza n'komwe kuti masamba pamsewu amauza anthu chiyani.

Ndili pomwepo ndinamva wenzulo kumsewu waukulu. Kamodzi kokha. Ndinalowa kuchipinda, ndapeza abambo akhala pabedi atavala suti, nsapato zija, chipewa pamaondo. Ndinatseka chitseko n'kuti, sitipita. Akuti, chabwino. N'kuyamba kumasula tayi.

Kumasula tayi kumeneko n'kumene kunandiliza. Ndinalira mokweza, ngati mwana, sindinalirepo choncho ngakhale mu Juni. Iwo kumangoti, make Luntha, basi, nyama chabe.

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Kenako tinamva nyimbo panja, amayi akuimba chapansipansi. Nyimbo ya pamaliro. Abambo anatchera khutu n'kuti, kodi wamwalira ndani?

Nditatsegula chitseko ndinapeza pabalaza mbee. Mipando yonse ili panja. Tebulo panja. A Nyamhango akuyala mphasa pakati pa nyumba, maso otupa. Pakhonde amayi asanu ndi awiri, mipango kumutu. Wina wabweretsa kale mtolo wa nkhuni. Azibambo atatu akhala pansi pa mango pa mipando yathu yomwe, zipewa m'manja.

A Nyamhango anandikumbatira. Pepani chomene amama, Chiuta ndiye mwini. Tinaona masamba, tinamva mukulira.

Ndisanatulutse mawu, galimoto inaima pamsewu. Luntha anatsika, anaona masamba, anaona mipando panja. Mfuu umene anakuwa mwana wanga sindidzauiwala. Anagwa pageti pomwepo, akuitana ababa, ababa, akukwawa m'fumbi. A Walusungu kulephera kumudzutsa.

Ndiye abambo anatuluka okha, akupapasa khoma. Suti, tayi ili lende pakhosi. Nyimbo inaduka pakati. Mayi wina anathawa mpaka kusiya patapata.

Anaima pakhomo n'kuti, Luntha, dzuka, udetsa diresi. Kenako anatembenukira kumene kunali amayi aja. Akuti, amene mukuimba mawu apamwamba ndinu a Nyamhango? Tsiku lenilenilo mudzayambire pansi pang'ono, mwakwera kwambiri.

Kuseka ndi kulira pamodzi. A Nyamhango anakhala pansi pamphasa yawo yomwe, akuti adada mwandikomola, ndawaimbira kale a mkulu wa mpingo, ali m'njira. Anachita kuwaimbiranso kuti bwererani, malemu adzuka. Mwini nkhuni anafunsa ngati atenge nkhuni zake.

Ine sindinaseke. Ndinkangoyang'ana pabalaza popanda mipando, mphasa ili pakati, Luntha atakakamira miyendo ya bambo ake. Ndinalowa kuchipinda, ndinatenga chikwama ndi chipewa chawo. Ndinawamanga tayi pamaso pa anthu onse. Ndati, a Walusungu, tolani masambawo mukoleke, tachedwa.

Tinanyamuka eyiti itatsala pang'ono. Amayi aja anatiperekeza mpaka pamsewu, a Nyamhango akukuwa kuti mipando tilowetsa tokha, mukayende makora.

Titangodutsa Luwinga tinapeza atseka ndi miyala ndi chipika, tayala likufuka. Anthu ngati makumi atatu, ena atapaka makala kumaso. Ine ndinaphimba nkhope ya abambo ndi thaulo. Iwo analichotsa. Wina anasuzumira pawindo, mwala uli m'manja, n'kufunsa kuti madala akupita kuti atatchena chonchi. Abambo akuti, kukaona njovu. Anabwereza kwa anzake, akuti madala akukaona njovu! Kuseka gulu lonse. Anagubuduza chipika, wina anamenya galimoto kumbuyo ndi chikhatho, ine ndinati basi tafa. Anali kutsanzika.

Kuyambira pa Ekwendeni msewu zii. Kupitirira Rumphi fumbi lokhalokha.

Pano pali madzi aakulu kutsogoloku, ndi mvuu zikulira ngati azibambo oseka. Abambo akuzimva, sakuziona. Njovu palibe. Wotiyang'anira, bambo wa yunifolomu yobiriwira dzina lake a Sekani, akuti dzulo zinabwera, lero sizinabwere, nyama ilibe pulogalamu. Mawa teni tiyenera kubwerera.

Nanga zikapanda kubwera?

Lachisanu, 9 Ogasiti

Shuga 10.

Zinabwera cha m'ma seveni, tsidya lina la madzi. Zisanu ndi zinayi, ziwiri zazing'ono. Luntha anawagwira mutu bambo ake n'kuwalozetsa. Ababa, uko, uko, pafupi ndi mtengo wouma! A Walusungu anawapatsa foni atakulitsa chithunzi. Anayang'ana tsidya, anayang'ana foni, nthawi yaitali. Kenako akuti, ee, ndaziona, n'zazikuludi. Zikomo ana anga. Tiyeni tizipita kusanatenthe.

Luntha anaomba m'manja. Koma ine mawu amenewo ndimawadziwa. Ndi omwe amanena akandibera mandasi.

Ndinawatengera pambali a Sekani. Ndati, bambowa sanaone kanthu, diso lawo limafika apa ndi apo. Anaganiza kaye. Akuti pali njira imene zimadutsa zikamwa madzi, tikhoza kukaima pamenepo ndi galimoto, injini yozimitsa. Koma ndi pafupi kwenikweni, amama. Munthu sayankhula mokweza, satsika, sakuwa. Ambiri amalephera. Inu mukhoza kutsala pakhonde.

Ndati, amene amawagwira dzanja ndine. Tiyeni.

Tinadikira pansi pa mitengo mwina theka la ola. Ntchentche zoluma. Kenako nthambi kuthyoka. Fungo ngati la khola. Yoyamba inatulukira kumbali ya abambo, ndipo windo lonse linada. Ndinamva m'mimba mwake mukulira. Ndinatsinzina, ndinaluma chitenje, zala zanga zinalowa m'dzanja lawo mpaka pano pali zipsera.

Sindikudziwa kuti inaima nthawi yaitali bwanji. Ndinamva abambo akuvula magalasi. Kenako kunong'ona.

Nelia. Mnyanga umodzi ndi wothyoka.

Ndinatsegula maso kuti ndione ngati akunamanso.

Unali wothyoka, wakumanja, cha pakati.