Lamba wa Dona

Lolemba, 10 Febuluwale

Ndamanga lamba uja m'khosi mwa Dona, ng'ombe ya mkaka ya mayi Nasrin ku Area 12. Lambayo amawerenga mmene ng'ombe ikuyendera, n'kutumiza uthenga pafoni yanga ku ofesi ku Old Town. Ndinawakopa ndine kuti agule. Zaka zisanu ku yunivesite, lero dokotala wa ziweto ndikupima ng'ombe nditakhala pampando ngati nduna.

A Zikhale, amene amasamala Dona ndi maluwa omwe, angoti, "Ndiye kanthuka kadziwa kuposa ife?" Mayi: "Kakasowa kameneka, Zikhale, ntchito yatha."

Lachitatu, 12 Febuluwale

A Zikhale aimba. Akuti Dona sakudya bwino, maso akulengeza misozi. Ndayang'ana foni: chizindikiro chobiriwira, ikuyenda kuposa dzana. Ndawauza kuti mwina ikufuna nkhunzi. "Adokotala, ng'ombe yofuna nkhunzi imalira, iyi yangoti zii." Ndaseka. Koma masana chipisi sichinatsike.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Makilomita khumi ndi anayi! Ng'ombe ya m'khola. Kapena yayamba jimu ndi azimayi a ku City Centre? Ndatsegula mapu. Dona dzulo anapita ku Kauma, m'mawa uno wadzera pamsika. Mtima phaa. Ndikuthamangira ku Area 12.

Madzulo

Dona wagona, m'khosi mulibe kanthu. Pansi pa makutu potupa ngati mandimu, thupi latentha madigiri 41. Chigodola. Nkhupakupa za mvula ino, zimene wophunzira wa chaka choyamba akanaziona.

"Lamba ali kuti, bambo?"

A Zikhale akweza ovolosi. Lamba ali m'chiuno. Kuyambira Lolemba madzulo. "Mpanda uwu anyamata amalumpha, adokotala. Ng'ombe sangainyamule, koma aka? Ndili ndi ana anayi."

Ndiye kuti masiku atatu ndakhala ndikupima a Zikhale. Ali bwino kwambiri, njinga ikuwathandiza.

Ndabaya Dona jakisoni. Ndikanabwera Lachitatu.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Dona sanadzuke. Kupuma kwake sindikukukonda.

Mayi Nasrin aima pakhola, manja m'chiuno. "Makina anu aja sananene bwanji?" A Zikhale angoyang'ana majombo awo. Ndati, "Wonena ananena, mayi, Lachitatu. Wosamva ndine." Lamba ndamutenga, ndati akufunika kukonza.

Loweruka, 15 Febuluwale

40 ndi pang'ono. Jakisoni wachiwiri. Wamwa madzi, udzu ayi.

Lamulungu, 16 Febuluwale

Lamba ali patebulo panga. Foni yalira m'mawa: CHENJEZO, ng'ombe yanu sikuyenda. Zikomo bwana, mwafulumira.

Ndaimbira a Zikhale.

"Bwanji kumeneko?"

"Dikirani, adokotala, musalankhule."

Foni aisendeza kwa Dona. Poyamba mphepo chabe. Kenako khwachu, khwachu, pang'onopang'ono.

"Ndi nsenjere zimenezo," atero. "Mwamva, kapena ndikutumizireni pa mapu?"