Oddvar ndi Injini ya Pachifuwa Panga

Lolemba, 8 Januwale

Ndine Magnhild wa pachilumba cha Senja, kumpoto kwenikweni kozizira kwambiri, zaka 79. Sukulu ndinalekera panjira, ndinayamba kutumbula nsomba ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, ndiye cholembera chimandilemera kuposa mpeni. Kope ili wandipatsa mwana wanga Siv. Ndizilemba pang'onopang'ono.

Mawa ine ndi mwamuna wanga Oddvar tikukwera ndege kupita kuchilumba chotentha cha Gran Canaria. Kuno dzuwa silinaoneke chiyambire Novembala.

Mu Okutobala madokotala anandiika kamakina m'munsi mwa phewa lamanzere, koti kazikumbutsa mtima wanga kugunda. Ndimakatchula kuti Kamlendo. Chiikireni kameneka Oddvar sanandikumbatirepo. Akuti angakasunthe. Zaka 56 tili m'banja, lero akundigwira ngati dzira. Dzuwa ndikulifuna ndithu, koma chimene ndikupitira kwenikweni n'choti mwamuna wanga abwerere.

Lachiwiri, 9 Januwale

Tafika. Khadi losonyeza kuti ndili ndi Kamlendo Oddvar walisunga yekha m'chikwama chake. Akuti, "Iwe umafunafuna magalasi ali pamphuno."

Ponyamuka, pabwalo la ndege mayi wachitetezo ataona khadilo anati ndisadutse pachipata chachitsulo, andipapase ndi manja. Oddvar ali pambali: "Kumanzereko mwaulemu, chonde." Mayiyo kuseka. "Bambo, otere ndimakumana nawo tsiku lililonse."

Ndiye munthu woyamba kundikhudza pachifuwa m'miyezi itatu, osawerengera dokotala.

M'ndege maola asanu ndi limodzi, mdala maso ali pa ine. Kamlendo zii.

Lachinayi, 11 Januwale

Kutentha. Mafupa anga akuthokoza.

Vuto ndi ili. Oddvar anakhala zaka makumi anayi akuyang'anira injini m'boti la nsomba, ndiye kwa iye Kamlendo ndi injini basi. Akuti injini ikatentha imaima. Wandikhazika pamthunzi, pachifuwa wandiika kansalu konyowa, ndipo amakanyowetsanso pakangopita kanthawi. Madzi onse akumwa akundipatsa ine. Iye khofi yekhayekha.

Mkati mwa shati wavala malaya ake aubweya a nthawi yozizira. Ndinati, "Vula, mdala iwe, uphikika." Akuti ubweya umatchinga kuzizira ndi kutentha komwe, bambo ake ankatero. Bambo akewo sanapitirirepo Tromsø, tauni ya kwathu kozizira komweko.

Lachisanu, 12 Januwale

Nyanja ndaionera pakhonde. Azimayi amsinkhu wanga akusambira, amuna awo akuwagwira m'chiuno.

Loweruka, 13 Januwale



Kunabwera mphepo yotentha yafumbi. Masana Oddvar anati tikagule ambulera yaikulu, ya ine. Tili panjira anaima, nati, "Magnhild, ukumva bwanji?" Ndisanayankhe, iye ndi uyo pansi. Wagwa ngati thumba la mchere.

Anthu anathandiza, galimoto ya odwala inabwera. Kuchipatala anamwino anatsegula chikwama cha Oddvar n'kupeza khadi lija. Iwo sadziwa kuti Magnhild ndi dzina la mkazi. Ndinangoona akuthamanga, wina akudula malaya aubweya ndi sizasi, akufunafuna Kamlendo pachifuwa cha Oddvar. Chinenero chawo sindichidziwa. Ndinamasula batani langa lam'mwamba n'kuwaonetsa chipsera. Onse anaima. Wina anayang'ana khadi, kuyang'ana ine, kuyang'ana mdala, kenako anagwira pakamwa.

Kunabwera dokotala wamkazi amene anagwirapo ntchito kwathu, amalankhula chinenero chathu mopotokapotoka. Anati mtima wa Oddvar uli bwino, m'thupi ndiye munauma madzi. Anamuika diripi. Atatsegula maso, mawu ake oyamba: "Akupatsa madzi?"

Dokotala anandiyezanso ine. Anauza Oddvar kuti Kamlendo kamakhala m'thupi lofunda kale usana ndi usiku, dzuwa silikaopsa. Chofunika ndi kumwa madzi, tonse awiri.

"Nanga kusambira?" ndinafunsa.

"Sambirani, mayi."

"Nanga munthu kundikumbatira?"

"Bala linapola kale. Ndani akukana?"

Oddvar anayang'ana kudenga, makutu ali psuu.

Lamlungu, 14 Januwale

Amutulutsa. Wagona tsiku lonse, botolo la madzi pambali. Malaya odulidwa aja wawapinda bwinobwino, akuti ndikasoke kunyumba. Sindisoka.

Siv anaimba foni. "Ababa, ine ndinatumiza wodwala mmodzi, winayu wachokera kuti?" Oddvar anati inali mphepo chabe. Lero kansalu konyowa sikanabwere. Koma akadali kudutsa cha kumanja kwanga, manja ali kumbuyo.

Lachiwiri, 16 Januwale

M'mawa ndinavala chovala chosambirira chimene Siv anandigulira, chabuluu, chothina pang'ono. Ndinati, "Ine ndikupita m'madzi. Ukafuna khala, ulondere nsapato."

Oddvar ananditsatira. Chifuwa chake choyera ngati mimba ya nsomba, dzuwa silinachionepo chibadwire. Tinalowa mpaka m'mawondo, kenako m'chiuno. Madzi ofunda. Ine moyo wanga wonse nyanja ndimaidziwa yoluma mafupa.

Funde linabwera lalikulupo, miyendo yanga inachoka pansi. Sindikudziwa anachita bwanji msanga chotero, munthu woti Loweruka lomweli anali pa diripi. Ndinangopezeka ndili m'manja mwake onse awiri, chifuwa changa pa chifuwa chake, kumanzere komweko. Funde linadutsa. Sanandisiye.

Ndinamva akupuma m'tsitsi mwanga.

"Kakuti bwanji?" anafunsa.

"Kakugwira ntchito yake."

Anamvetsera monga ankamvetserera injini m'boti, mutu ataupendeketsa.

"Kakuyenda bwino," anatero. "Tiime kaye chonchi. Kukubwera funde lina."

Ndinasuzumira paphewa pake. Nyanja inali bata.