Dzina la Harmen Lili Pansi pa Penti Wobiriwira

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 72, ndipo zimene ndikuuzanizi sindinauzepo munthu, ngakhale abusa. Mwezi wa Juni ine ndi amuna anga, a Egbert, tikukwanitsa zaka makumi asanu tili m'banja, koma mmene zikuyenderamu, tsikulo ndidzasowa poika nkhope.

A Egbert ankagwira ntchito yopaka penti ku khonsolo ya mzinda. Ngakhale kudziwana kwathu kunayambira pomwepo: anali pa makwerero mumsewu wa kwathu, nkundidonthezera penti wobiriwira pa chishalo cha njinga. Atapuma pa ntchito, anzawo anayamba kuweta nkhunda, koma iwo anasankha kutolera nyale zakale za mumsewu, zija zoyaka ndi gasi. Kuseri kwa nyumba kwaima mizati yachitsulo isanu ndi iwiri, moti zovala ndimayanika pakati pa nyale ya ku Deventer ndi ya ku Kampen. Sindidandaula. Mwamuna wolimbana ndi dzimbiri umadziwa komwe ali.

Vuto labwera ndi nyale yachisanu ndi chitatu. Inkaima pakona pa msewu umene ndinakulira, pafupi ndi mlatho. A Egbert anaisakasaka zaka zinayi mpaka anaipeza itagona kuseri kwa khola la nkhumba kwa mlimi wina. Akuti ndi mphatso yanga. Adzaiyatsa pa phwando lathu, abale onse atakhala mozungulira, khofi ndi keke zili m'manja.

Aphungu, pa mzati umenewo pali dzina langa. Ndinalemba ndekha ndi kiyi wa njinga ndili ndi zaka 19. Ndinajambulanso mtima, nkuikamo dzina lachiwiri, ndipo si la a Egbert. Ndi la Harmen, amene tinakhala pa chibwenzi miyezi itatu ndisanazindikire kuti ankakonda tsitsi lake kuposa ine. Harmen yemweyo anadzakwatira mng'ono wanga Aaltje. Lero ndi alamu anga, a dazi lonyezimira, ndipo amabwera Loweruka lililonse kudzagwirira a Egbert makwerero. Aaltje sadziwa chilichonse. A Egbert ndinawauza kuti iwo ndi oyamba kundigwira dzanja, ndipo bodza limeneli ndalisamala ngati mbale za alendo.

Zolembazo zinakwiririka ndi penti kalekale, koma a Egbert sapala ngati anthu ena. Amatenga kampeni kakang'ono nkumachotsa penti mtundu umodzi pa nthawi, kuti aone mmene nyaleyo inkaonekera zaka zosiyanasiyana. Achotsa wakuda, achotsa wotuwa, tsopano ali pa wobiriwira, ndipo pansi pa wobiriwirayo ndi pomwe pali ine ndi Harmen. Anayambira kumwamba. Dzulo ndinayeza ali ku msika: kwatsala chikhatho chimodzi.

Musaganize kuti ndangopinda manja. Ndinawafunsa kuti, "Bwanji osangopita nayo kwa anthu a makina opopera mchenga aja? Tsiku limodzi yayera." Anandiyang'ana ngati ndanena kuti tiphike galu wathu. "Mayi, mbiri ya nyale ili mu penti. Mukufuna ndifufute mbiri?" Ndinabisa kampeni kaja mufiriji, pansi pa supu wa nsawawa. Anakapeza nkungoti, "Kampeni kanga kayamba kukonda supu masiku ano." Ndinapachikapo mphika wa maluwa, iwo nkuuchotsa, ati ukubisa malo abwino.

Lachiwiri anasisita malo omwewo ndi chala nkunena kuti, "Apa penti ngwokhuthala bwanji. Wopakayo anabwereza katatu. Kaya unali mkwiyo, kaya chiyani." Atatero anapempha bisiketi wachiwiri, chinthu chimene sachita. Loweruka ndinawamva akuuza Harmen kuti, "Alamu, tagwirani apapa, mwina mukumbukirapo kanthu." Harmen anangoseka, poti iye sakumbukira ngakhale komwe wasiya magalasi ake.

Ndili ndi mantha, Aphungu. Munthuyu ndimamukonda, ndipo sindikufuna adzaone kuti mphatso imene waivutikira chonchi ili ndi dzina la mwamuna wina. Kodi ndiulule, kapena ndipeze njira yoigwetsera mu ngalande? Ikulemera makilogalamu mazana awiri.

G.T., Zutphen

Mayi G.T.,

Za ngalandezo iwalani. Mudzathyoka msana, ndipo amuna anuwo, mmene ndawamvera, adzaivuula nkuyambiranso kupala.

Tsopano khalani pansi muwerenge kalata yanu yomwe. Munakumana ndi a Egbert ali pa makwerero mumsewu wa kwanu. Penti amene anakudonthezerani anali wobiriwira. Penti amene wakwirira Harmen ndi wobiriwira. Ndiye munthu angosisita ndi chala nkudziwa kuti anabwereza katatu? Mayi, amene anabwereza katatuyo mumamuphikira supu.

Amuna anu anawerenga mtima umenewo musanawauze nkomwe dzina lanu. Anaupaka kamodzi chifukwa inali ntchito yawo. Kawiri kenako kanali ka iwo eni. Atatero anatsika, nkupeza njira yoti muime mulankhule nawo, ndipo ine sindikhulupirira kuti dontho la pa chishalo lija linagwa mwangozi. Pamene munkawauza kuti ndi oyamba kukugwirani dzanja, iwo ankadziwa zoona zake, koma sanatsutse. Mwakhala mukusunga chinsinsi zaka makumi asanu, osadziwa kuti mukusungirana.

Zomwe akuchita panopa ndi kukusewerani basi. Wopaka penti wozolowera sangathe milungu yonseyi pa kachigawo kakang'ono chonchi. Akutsika pang'onopang'ono dala, akuonerera mukubisa mipeni mufiriji, ndipo zikuwakomera kuposa nyale zisanu ndi ziwiri zija.

Chitani izi Loweruka lisanafike. Atengereni khofi komweko kuseri, mabisiketi awiri osadikira kuti apemphe. Ikani chala pamalopo munene mosazungulira kuti, "Apa pali dzina langa ndi la Harmen, ndinalemba ndine, ndipo ndinakunamizani." Musawonjezere zoti munali mwana. Akaseka, asiyeni aseke mpaka atope, akhala akudikira nthawi yaitali. Akapanda kuseka, pepesani kachiwiri, chifukwa ngakhale bodza lodziwika kale limapweteka ndithu.

Amene mukuyenera kumuganizira kwambiri ndi Aaltje. Iye ndiye ali mumdima weniweni, ndipo si bwino akawerenge nkhaniyi pa mzati, keke ili kukamwa, azilamu ndi adzukulu akuyang'ana. Pitani kwawo panjinga, muli awiri mumuuze kuti munalawako miyezi itatu nkumusiyira. Wakhala ndi Harmen zaka zambiri, mwina angokufunsani chifukwa chake simunamuchenjeze. Harmen yemweyo musiyeni, azigwira makwerero.

Zikatha izi, pemphani bulashi. Mzatiwo ukufunika penti watsopano phwando lisanafike, ndipo ulendo uno pamalopo mupake ndinu, a Egbert akuona. Kamodzi kakwanira.

Chenjezo langa ndi limodzi. Mtima ukadzadza, mudzafuna kutenga kiyi wa njinga kuti mulembe dzina la a Egbert pa penti watsopanoyo. Musayerekeze. Mwamuna ameneyu anakukhululukirani za Harmen musanapepese nkomwe, koma mukamukalira nyale yake, kalata yotsatira adzandilembera ndi iyeyo.

Aphungu