Nyale ya M'kabati mwa Ba

Mangochi Boma,
3 Novembala, 2024.

Okondedwa achimwene Swadick,

Asalamu aleikum. Ndikhulupirira kuti Allah akukusungani bwino ku Joni konko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka, kungoti kwatentha moti munthu ukasamba umatuluka m'bafa uli kale thukuta. Amayi ali bwino kwa Mpondasi, miyendo ija ikutupabe koma akuyenda. Khitchini ija tinafolera, mvula ikabwera itipeza okonzeka.

Musadabwe kuti ndakulemberani kalata ngati kale pomwe foni ndili nayo. Ndayesa kujambula mawu kuti ndikutumizireni, koma ndikafika pakati ndimalira n'kufufuta. Komanso foni yanu imagwidwa ndi anthu ambiri. Kalatayi ndipatsira a Dinala amene akukwera basi ya ku Joni Lachiwiri. Muwerenge muli nokha, ndipo chonde mufike kumapeto musanakwiye.

Mukudziwa kuti ndimagwira ntchito kwa amwenye a sitolo ya hadiweya, kusamalira mayi wawo wokalamba, a Kantaben, amene tonse timangowaitana kuti Ba, kutanthauza amayi m'chilankhulo chawo. Nditayamba munandifunsa ngati ali Asilamu, ndinati ayi, ndi Ahindu, inu n'kunena kuti bola asandiletse kuswali. Sanandiletsepo. Adhana ikamveka kumzikiti, Ba ndi amene amandikumbutsa: "Subira, siya mbalezo, Mulungu wako akuitana."

M'chipinda mwawo muli kabati kakang'ono. M'katimo muli zithunzi ndi tizifanizo tamkuwa ta milungu yawo: wina wamutu wa njovu dzina lake Ganeshi, wina wamkazi wokhala pamwamba pa kakombo dzina lake Lakshimi. M'mawa uliwonse, akasamba, amayatsa kanyale patsogolo pa milunguyo. Chingwe chake ndi thonje lopota ndi zala, mafuta ake ndi a mkaka wa ng'ombe amene amawatcha gi. Amaliza kabelu, kuika maluwa, kupemphera. Asanatero saika kanthu mkamwa, ngakhale madzi. Akuti anayamba atangolowa m'banja ali kamtsikana, ndipo ngakhale paulendo ankayenda ndi kanyale kena m'chikwama. Ine ndinkangopukuta fumbi pamwamba pa kabatiko, m'kati osakhudzamo, ndipo tinkakhala mwamtendere.

Mu Ogasiti Ba anagwidwa sitiroko. Mkono wamanja unafa, wamanzere umanjenjemera. Mwana wawo, a Hitesh, ndi amene ankawayatsira nyaleyo asanapite kusitolo. Koma pakati pa Okutobala akazi awo a Hitesh anagonekedwa m'chipatala ku Lilongwe ndi pakati povuta, iwo n'kuthamangira konko, sitolo n'kusiyira kalaliki. Anati ndi masiku ochepa. M'nyumba tinatsala awiri, panja a Jeremiya, mlonda.

M'mawa woyamba ndinawasambitsa, kuwaveka, n'kuwakankha pa njinga yawo ya olumala mpaka pa kabati. Anapanira bokosi la machesi pakati pa mawondo n'kuyesa kukhwecha ndi dzanja lonjenjemeralo. Mitengo inangothyoka, kenako bokosi linagwa pansi. Anandiyang'ana.

"Ba, ine ndine Msilamu," ndinatero. "Zimenezo sindingagwire."

"Ndikudziwa, mwanangu. Palibe kanthu. Ndikankhire kukhonde."

Sanakwiye, achimwene, ndipo bola akanakwiya. Ndinabweretsa tiyi ndi chapati, anangopukusa mutu. Masana chimodzimodzi. Pajatu Ba ali ndi matenda a shuga, ndipo mankhwala awo safuna m'mimba mopanda kanthu. Ndinathamangira kugeti.

"A Jeremiya, tapitani mukayatse kanyale kaja. Si machesi omwewo mumayatsira fodya?"

"Iii, chemwali! Ine dikoni wathunthu? Fodya ndi tchimo laling'ono, kumwamba analizolowera. Koma zanjovuzo abusa akamva andidula tsiku lomwelo."

Ba anamva ali pakhondepo. "Jeremiya ayi," anatero. "Wadya usipa, sanasambe, nsapato kuphazi. Iwe umasamba kasanu pa tsiku. Manja ako ndi oyera."

Mukuona, achimwene? Kusamba kwa udhu komwe ndimachita kuti ndiime pamaso pa Allah ndi kumene kwandiyeneretsa pa kabati ka Ba.

Dzuwa litapendeka anayamba thukuta lozizira, milomo kunjenjemera, n'kumandiitana dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Foni ya a Hitesh inkangoitana. Ndinawakankhira kuchipinda, ndinaika mtengo wa machesi pakati pa zala zawo, dzanja langa pamwamba pa lawo, ndipo tinakhwecha pamodzi. Mumtima ndinkangoti Astaghafirullah, Astaghafirullah, kupempha chikhululuko kwa Allah. Nyale inayaka. Ba anapemphera pang'ono, kenako anamwa tiyi wa shuga, kudya, maso n'kubwerera m'malo mwake.

Ndinadziuza kuti ayatsa ndi iwo, ine ndangowachirikiza. Koma sabata yotsatira zala zija zinaleka n'kugwira komwe. Pano ndimayatsa ndekha. Sindiwerama, sinditchula dzina la mulungu aliyense, ndimayang'ana kukhoma. Koma thonje ndimapota ndine, gi ndimathira ndine, ndipo chimene chikundiopsa n'choti tsiku lina ndinadzipeza ndikuwongola chingwe kuti lawi liime bwino, popanda wondiuza.

Ndinapita kwa shehe Sumani itatha swala ya Ijumaa, ndikunamizira kuti nkhaniyi ndi ya mnzanga. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Kudyetsa wodwala ndi sadaka," anatero, "kaya ndi wachipembedzo chanji. Koma nyale ya mafano ndi khomo la shiriki, tchimo lomuphatikiza Allah ndi zina. Muuze mnzakoyo asiye."

"Nanga gogoyo akafa ndi njala, shehe?"

Anasisita ndevu. "Ana ake ali kuti?"

Ndinawafotokozera. Anausa moyo. "Ndiye mnzakoyo amuumirize mwanayo abwere. Ndipo asachedwe, Subira. Mtima umazolowera."

Anatchula dzina langa, achimwene. Ndinatsanzika n'kutuluka.

Ndayesa njira zonse zimene ndikuzidziwa. Amwenye ena amene ndimawadziwa pabomapa ndi Asilamu anzathu. Kachisi wa Ahindu amene Ba amapitako ali ku Blantyre. Ndinawafunsa eni ake kuti, "Ba, kodi milungu yanu singakhululukire munthu wodwala?" Anati, "Ingakhululuke. Ine ndi amene sindingameze."

Lachinayi lapitali kunali chikondwerero chawo chachikulu chija cha nyale, Diwali. Zaka zonse amapita ku Blantyre ndi banja lonse, magalimoto odzaza ndi maswiti ndi zovala zatsopano. Chaka chino Ba sanadandaule. Anangoti, "Tikolope nyumba. Lakshimi salowa m'nyumba yauve." Ndinakolopa mpaka kuseri kwa mafiriji. Anandiphunzitsa kuphika maswiti a ufa wa nyemba zotchedwa tchana, shuga ndi gi, amene iwo eni sangalawe n'komwe, n'kundituma kukagawa kwa oyandikana nawo onse. Pakhomo ndinajambula maluwa ndi ufa wampunga, iwo akulozera ndi chibwano.

"Apo wapindika! Fomu folo yonse ija, mzere wowongoka ukukukanika?"

"Kusukulu sitinkalemba ndi ufa, Ba."

"N'chifukwa chake. Fufuta uyambirenso."

Madzulo tinandandalika tinyale tadothi pakhonde ponse, zitseko n'kusiya pululu kuti Lakshimi alowe ndi madalitso. A Jeremiya anati iwo aona udzudzu wokha ukulowa. Ba anaseka mpaka kutsokomola, kenako anayamba kuimba nyimbo yakwawo ndi pakamwa pawo popotokapo, maso ali kugeti, kumene galimoto ya mwana wawo imalowera. Ndisakunamizeni, zinali zokongola. Ndapempha chikhululuko pa zimenezinso.

Dzulo linali tsiku loyamba la chaka chawo chatsopano. Nditayatsa nyale, anandikodola ngati akufuna kundinong'oneza kanthu. Nditawerama, anaviika chala m'kaufa kofiira kamene amadzola iwo popemphera n'kundidinda pachipumi. "Mwana wanga," anatero. Sindinafune kupukuta iwo akuona, ndinati ndipukuta ndikatuluka. Koma mkaka unasefukira pamoto, ndinathamangira kukhitchini, kenako ndinaiwala. Ndinavala hijabu osayang'ana pagalasi, n'kukwera kabaza kupita kumsika kukagula therere ndi mabilinganya.

Anthu ankandiyang'ana, ine n'kumaganiza kuti mwina mpango wapendekeka. Pa benchi ya tomato ndinakumana ndi a Biti Nuru, mayi ake a Jaffalie, mnyamata amene munavomera kuti ndimange naye ndowa, ukwati wathu wa Chisilamu, mu Disembala.

"Subira, wavulala?" anatero mwankhawa, n'kundipukuta ndi nsonga ya chitenje chawo. Anayang'ana chitenjecho, kuchinunkhiza, nkhope n'kusintha. "Chipumi chomwe umagunditsa pamkeka wa swala?"

Mayi wogulitsa tomato anakuwa kuti, "Eee, ndowa ija ikachitikira ku India!" Msika wonse unaseka. A Biti Nuru sanaseke. Anasiya tomato amene anasankha n'kumapita.

Madzulo Jaffalie anabwera pageti. Sanakalipe. Anandifunsa mofatsa kuti, "Ndi ufa wokhawo, eti? Gogo wangokuseweretsa. Palibe china?" Ndikanati eya, nkhani ikanathera pomwepo, chifukwa zanyale palibe wakwathu amene ankazidziwa kupatula shehe. Koma sindinathe kumunamiza munthu amene ndikufuna kukhala naye moyo wonse. Ndinamuuza zonse. Anakhala pa njinga yake n'kunena kuti, "Amayi akuti usiye ntchito mwezi uno usanathe, apo ayi ndowa palibe. Amatero asanamve zanyalezi. Ine sindikukukana, Subira. Koma pa nkhani iyi sindikuona pamene amayi alakwa." Anatinso akwawo akuimbirani foni inuyo monga mwini mbumba. N'chifukwa chake ndafuna kuti muyambe mwamva kwa ine.

A Hitesh ndinawapeza pafoni dzulo lomwelo. Mwana wabadwa masiku asanakwane, ali m'kagalasi, mayi ake sakutha kudzuka. Mafuta a galimoto avutanso, akuti agona pamzere osawapeza. Ndinati bwerani mudzawatenge amayi anu. Anati dokotala waletsa ulendo wautali. Ndinati ndipezereni munthu wakwanu woti aziyatsa nyale. Anati afunsa, koma aliyense ali ndi nyumba yake. "Pirira pang'ono, Subira, chonde. Ba akuti iwe ndiwe mwana wawo wamkazi tsopano." Mawu awo anali a munthu wotopa zenizeni, moti ndinalephera kuwauza za Jaffalie. Ba nawonso sindinawauze. Ndikudziwa chimene angachite: angati pita mwanangu ukakwatiwe, palibe kanthu, ndikankhire kukhonde.

Lero m'mawa anandiuza kuti kwawo lero ndi tsiku la alongo. Mkazi aliyense amaitana mchimwene wake kunyumba, kumuphikira chakudya chabwino, n'kumupempherera moyo wautali. Mchimwene wawo anamwalira ku Mangalande, iwo osapita kumaliro.

"Iwe uli naye mchimwene?"

"Alipo, Ba. Ali ku Joni."

"Ndiye sungamuphikire. Mulembere. Tenga pepala m'dilowamo, ndigona pang'ono, sindikuvutitsa."

Ndiye ndi pepala lawo ili, achimwene, ndipo iwo ali mtulo pafupi nane pano pamene ndikulemba.

Chichokereni bambo, mawu anu sindinawakanepo. Ndikuopa Allah. Ndikaima pa swala ndimamva fungo la gi m'manja ngakhale ndasamba ndi sopo, ndipo ndimaopa kuti imfa ingandipeze ndili chonchi. Jaffalie ndimamukonda, simufunika kundifunsa. Mukati ndisiye, ndisiya tsiku lomwelo, ndilongedza n'kupita kwa Mpondasi. Koma poyankhapo mundiuzenso munthu woti ndimusiyire machesi, chifukwa kukacha gogoyu adzakhala pa njinga yake patsogolo pa kabati, wosadya, akudikira, ndipo sadzapempha.

Amayi sakudziwa chilichonse, ngakhale kuti za kumsika sizichedwa kufika kumudzi. Akakufunsani, muwayankhe mofatsa. Mundiperekere moni kwa alamu anga a Alima, ndi kwa ana onse, muwauze kuti azakhali awo sanawaiwale. Mundikumbukire pa swala zanu, makamaka ya m'bandakucha, chifukwa ikangotha imeneyo ndi pamene ndimapita kukawasambitsa.

Ba adzuka. Akuti ndikupatseni moni, akuti mukhale ndi moyo wautali, inu ndi ana anu ndi ana a ana anu. Ndayankha kuti Amina ndisanaganize.

Ine mlongo wanu wodikira mawu anu,

Subira.