Dzina la Pamsana

Lachiwiri, 7 Novembala 2006

Kuzizira. Mitengo yonse yayoyola masamba. Theresa, mwana wanga, ku ntchito ku chipatala kuyambira sikisi m'mawa. M'nyumba ine ndi wotchi ya pakhoma.

Masana foni. Mthunzi, mdzukulu wanga, ali ku Indianapolis. Akuti mnzake amene amasewera mpira pamalo pake wavulala bondo. "Agogo, Sande ndikustata." Kustata ndiye kulowa m'bwalo masewero akungoyamba. Zaka zitatu ali pa benchi, kuvala zonse, chipewa m'manja, kuonerera anzake.

Ndinati zikomo Ambuye. Kenako ndinakumbukira bondo la mwana wa eniake. Ndapepesa.

Akuti akapanda kuchita bwino amukata. Kukata ndiye kuchotsedwa ntchito. Pa benchi pomwe sabwererapo.

Dzanja latopa. Zilembo za sukulu ya kwacha sizithamanga.

Lachitatu, 8 Novembala

Mpira wake wa kunowu, wotalika ngati papaya, wogwira ndi manja. Koma iye saugwira ayi. Ntchito yake kuima kutsogolo kwa woponya mpira, kutchinga kuti adani asamufikire. Nambala 67. Pamsana pake dzina langa, CHIMPHAMBA, poti bambo ake anachoka iye asanabadwe.

Dzina limenelo ndalisowa m'makutu. Ana a kuno amati Grandpa. Dokotala amati Sir. Kutchalitchi, Agogo. Womaliza kunena kuti a Chimphamba anali Vainess, mkazi wanga, ndipo ali m'manda ku Chiradzulu. Zaka zisanu.

Madzulo a Edmond a kutchalitchi anandinyamula pa galimoto kupita ku mapemphero. Ndinaimirira. Ndinapempha kuti atipempherere, Sande dzina la mwanayo limveke pa TV, kakhumi ngati n'kotheka. Onse, Ameni. Amayi ena mpaka nthungululu.

Lachisanu, 10 Novembala

Ndalakwa.

Ndinamuuza Mthunzi za pemphero lija, ndikuti asangalala. Iye kuseka, koma kuseka kosachokera pansi pa mtima. Chichewa chake chothyoka chija: "Agogo, no. Dzina langa amatchula ndikalakwitsa basi. Referee amaponya kansalu kayelo, amanena nambala. Ndikabuloka bwino palibe amadziwa."

Ndinakhala pampando nthawi yaitali. Foni ikungolira tii.

Ndiye ntchito yake ndi yanga ija. Zaka makumi atatu ndinali mlonda pa nyumba yosungira katundu ku Limbe. Katundu akakhala wathunthu, bwana kudutsa pageti osayang'ana. Tsiku limene anandiitana ndi dzina ku ofesi, kunali kutasowa matayala awiri. Kamodzi kokha. Ndimayenera kudziwa ine, osati kuuzidwa ndi mwana.

Tsono pemphero amalibweza bwanji? Anthu khumi ndi awiri anati Ameni.

Loweruka, 11 Novembala

Theresa walephera kusinthana shifiti. Analira pang'ono kukhitchini, akuganiza kuti sindikumva. Tikiti yanga tapatsa a Edmond. Maola atatu pa galimoto, kenako masitepe a m'bwalomo, mawondo anga sangathe.

Wandilembera nambala ya chanelo pa pepala, waimata pa rimoti.

Ndapemphera ndekha. Ndati Ambuye, zija za Lachitatu musazitenge, inali nkhalamba yofuna kumva dzina lake. Koma mtima sunanene mokweza monga pakamwa. Ndalemba kuti ndisadzinamize.

Lamulungu, 12 Novembala

Kutchalitchi sindinapite, kuopa kuchedwa. Ndinavala jekete ndi tayi. Ndinakhala pa TV isanakwane wani koloko. Kapu ya tiyi yachiwiri ndinaika pambali mwachizolowezi, kenako ndinaibweza.

Anthu m'bwalomo ngati nyerere. Chingerezi chothamanga, sindinatolepo kanthu. Ine maso pa 67. Kamera imatsata mpira, mwana wanga amangooneka m'mphepete, msana ndi miyendo, kenako wasowa. Awerama. Agundana. Adzuka. Aweramanso. Munthu amene amalimbana naye, chimphona chakuda bii ngati ife tomwe, mwana wa munthu wina nayenso.

Atapuma n'kubwerera, kansalu kayelo m'mwamba.

Woyimbira mpira, wovala mizeremizere, anaima pakati. "Sixty-seven." Imeneyo ndinamva. Ndipo wa pa TV ananena dzina. Ananena kuti Chimfamba. Nkhope ya Mthunzi inadzaza TV yonse, thukuta, maso pansi.

Ndinene zoona. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe kaye. Manyazi anabwera pambuyo, ngati galu wotsalira. Ndinalankhula ndi TV, ndinati si Chimfamba, ndi Chimphamba. M'nyumba mopanda munthu.

Timu yake anaibweza m'mbuyo chifukwa cha iye. Kuyambira pamenepo ndinagwira rimoti ndi manja awiri, pakamwa ndikungoti musamutchule, musamutchule. Sanamutchulenso mpaka kutha. Woponya uja malaya ake oyera, sanagwe pansi. Onse anathamangira kukakumbatira iyeyo. 67 anatuluka yekha, akuyenda ngati ine.

Lolemba, 13 Novembala

Foni zii.

Theresa akuti Lolemba amaonetsedwa filimu ya masewero onse, aliyense cholakwa chake pamaso pa anzake. Akuti okatidwa amauzidwa Lachiwiri. A Edmond anabwera ndi kabuku ka m'bwalo. "Agogo, pemphero layankhidwa, tinalimva dzina!" Ndinawathira tiyi.

Mvula yosanganiza ndi chipale. Basi yadutsa pa windo kasanu ndi kawiri. Ndinaiwerenga.

Ku ofesi ya ku Limbe ndinaima ndi chipewa m'manja. Ndikukumbukira pansi pake, simenti yofiira. Mwanayo waima choncho lero?

Vainess akanati, a Chimphamba, mumafulumira pakamwa.

Lachiwiri, 14 Novembala

M'mawa wonse pafupi ndi foni. Ngakhale kubafa sindinatseke chitseko.

Inalira itadutsa folo koloko.

Ndinayamba ndine. Ndinati mwanawe, kansalu kaja ndi kanga, ndinakapempha ndekha pamaso pa mpingo. Iye akuti ayi, linali dzanja lake, linagwira malaya a munthu. Ndinafunsa za mabwana. "Palibe anandiyitana ku office, Agogo. Coach anangodutsa. Sanandiyang'ane ngakhale." Sande akustatanso.

Kudutsa osayang'ana. Ndinamuuza kuti kwa mlonda ndiyo mendulo.

Anaseka, tsopano kochokera pansi. Kenako anasintha mawu, kuyerekeza nkhalamba, pang'onopang'ono, chilembo chilichonse pamalo pake. "Koma a Chimphamba, Lachitatu lino mukakhale pansi. Osaimirira."

Ndinati bwereza. Iye, chiyani Agogo? Ndinati palibe, foni ikudula mawu, bwereza poyamba paja.

Anabwereza.