Valavu Yomasuka Loweruka

Lolemba, 3 Febuluwale 2025

Kireni yanga yokwezera katundu pa ngolo ya thalakitala yatha mlungu woyamba m'minda ya tiyi. Pampu ikukankha oyilo, mota ikuzunguza gudumu, chingwe chikunyamula ukonde wodzaza matumba a tiyi. Kukweza, bwinobwino. Mantha anga ali potsitsa. Katundu wolemera amakoka mota yekha, n'chifukwa chake ndinaika valavu yopanikiza oyilo wotuluka, kuti ukonde uzitsika pang'onopang'ono.

Lero m'mawa poyesa, ukonde watsika ngati mwala. Nati ya valavu yomasuka. Lachisanu ndinaimanga ndi manja angawa. Ndaimanganso.

Lachinayi, 6 Febuluwale

A Dixon, folomani wa ku wekishopu, moni wawo watalika masiku ano. "Mwaswera bwanji ainjiniya?" Mano onse pamtunda. Omwewa chaka chatha anauza a manijala kuti mwana wamkazi ndi zojambula zake adzatiphera anthu. Makiyi a bokosi la masipanala amagona m'thumba mwawo. Sindikuwakhulupirira ngakhale pang'ono.

Sopo watha. Mwezi ukadali kutali.

Lolemba, 10 Febuluwale

Yamasukanso! Mkati mwa mlungu ili chete, Loweruka lokha basi, tsiku limene ine ndimakhala ku tchalitchi. Esiteti yonse ikudziwa kuti Idah sagwira sipanala pa Sabata. Wochita izi anachita kusankha tsiku.

A Winston, amene amaima pa ngolo kulandira ukonde, akuti unawapukuta phewa. Amanena akuseka. Matumba aja ndi pafupifupi theka la tani, ndipo munthuyu ali ndi ana ang'onoang'ono.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Ndafunsa achimwene a Philip, poti thalakitalayo amayendetsa ndi iwo. "Ine ndimangoyendetsa, chemwali. Funsa akuluakulu akowo." Maso kumbali. Akuopa a Dixon, n'zoonekeratu. Aliyense pano amaopa munthu amene uja.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Ndasakaniza penti wofiira ndi girisi kuti asaume, ndapaka kuseri kwa nati kumene diso silifika. Wogwira agwire. Dzuwa lisanalowe ndinali nditafika kunyumba, koma nyimbo yotsegulira Sabata ndaimba ndi pakamwa pokha.

Lolemba, 17 Febuluwale

Nati yomasuka, penti wafufutika. Ndapereka moni wa dzanja kwa a Dixon, koyamba chiyambire ntchito. Ndayang'ana zikhadabo, ovololo, mpaka kansanza kawo kopukutira. Zoyera. Masipanala onse oyera. Ndakwiya kuti ndi oyera. Mwina anatuma munthu.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Ndinakapereka mchere kwa alamu anga a Lizzie, akazi awo a achimwene a Philip. Ndawapeza pa mpopi akulimbana ndi ovololo ya amuna awo. Akuti kaya achimwene akowa agwira chiyani, chofiirachi sichikuchoka, sopo akungothera pomwepa.

Ndinapita kukawafunsa achimwene pomwepo.

Achimwene sanakane. "Loweruka fakitale imasiya kulandira tiyi masana. Ndi kireni yako yochedwa ngati kamba ija sindimaliza mashedi onse osonkhanitsira tiyi. Tiyi wa azimayi akumunsi aziwolera pansi? Athyola kuyambira m'bandakucha amene aja. Ndi Loweruka lokha, ndimasamala."

Amasamala. Oyilo amadziwa kuti munthu akusamala? Ndinawafotokozera kuti valavu ikamasuka mota imathamanga kuposa pampu, ndipo kukoka chogwirira choyendetsera kireni sikuimitsanso kanthu. Anangoti ndikuyankhula zakusukulu.

Munthu amene anandiphunzitsa kugwira sipanala. Ndalira, ndi mkwiyo.

Lachisanu, 21 Febuluwale

Mapaipi okulirapo akhoza kufulumizitsa kireni popanda kukhudza valavu. Ndinaitanitsa, koma ku sitolo ya esiteti akuti mpaka mwezi wamawa.

Ndinafika pakhomo la ofesi ya a manijala. Ndikanena, achimwene ntchito yatha, nyumba ya esiteti atuluka, a Lizzie ali ndi pakati. Ndabwerera pakhomo pomwepo. Nati ndaimanga ndi waya. Achimwene anaona, anangoseka. Pulayala yodulira waya ali nayo yawoyawo.

A Dixon andigawira chimanga chootcha. Ndalephera kuwayang'ana.

Sabata, 22 Febuluwale, m'mawa

Mvula usiku wonse. Tiyi wonyowa amalemera kwambiri.

Ndavala kale za kutchalitchi. Lero ndine wotsogolera nyimbo. Chibadwire sindinapondepo m'munda pa Sabata, ndipo akulu a mpingo akamva sindikudziwa kuti ndidzayankha chiyani.

Thalakitala yadutsa pamsewu, ikutsetsereka kupita kumunsi. A Winston ali pa ngolo, afunda thumba kumutu. Andibayibitsa.

Amayi akuitana panja kuti tichedwa. Ndawauza atsogole. Majombo anga akuntchito ali kuti?