Dipi Yopanda Denga

Balaka,
10 Novembala 1974.

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Karongako. Ine m'thupi ndili bwino. Kalatayi siyidzera ku positi, ndapatsira mnzanga amene akupita kumpoto mawa. Mukawerenga musaisunge m'sutikesi monga mumachitira ndi zina zija.

Mwina mwamva kale zidutswa za nkhani ya ng'ombe za kwathu ku Nsanama. Ndikufuna muimve yonse kwa ine, mwa dongosolo lake. Inu mumasungunula mankhwala m'chipatala tsiku ndi tsiku, ndiye simuvutika kuitsata.

Mukudziwa kuti Amosi wathu wakhala akuyang'anira dipi ya kumudzi zaka zitatu tsopano. Mu Juni kunali msonkhano waukulu wa chipani. A Chande, tcheyamani wa nthambi yathu, anatuma achinyamata kukakanganula malata a denga la dipi ndi kuzula mitengo ya mpanda wolowera ng'ombe, ati angobwereka amangire alendo chisakasa. Msonkhano unatha, alendo anapita, malata sanabwerere. Lero ali pa chigayo cha a Chande, mabowo a misomali yakale akuonekera poyera. Popanda mpanda ng'ombe sizikanalowa, choncho dipi inaima miyezi inayi ili pa dzuwa.

Nkhupakupa zitanyanya, eni ng'ombe anadula okha mitengo n'kumanganso mpanda. Lachiwiri pa 22 Okutobala ng'ombe 43 zinasamba. Pofika Lachinayi 11 zinali zitafa, zinayi mwa izo za a Chande.

Tsiku lomwelo apolisi anagwira Che Laisi, mkulu uja amalima thonje kuseri kwa mzikiti, amene anakunyamulani pa njinga mutalumidwa ndi chinkhanira. Umboni wake unali uwu. Ng'ombe zawo ziwiri sizinasambe, chifukwa atafika ananunkhiza madziwo n'kubwerera nazo. M'nyumba mwawo munapezeka zitini za mankhwala a thonje, monga mmene zingapezekere m'nyumba ya mlimi wa thonje aliyense kuyambira kuno mpaka ku Mangochi. Ndipo mu Ogasiti anafunsapo pa gulu kuti malata abwera liti. A Chande anati ameneyu ndi woukira, wathira poizoni mu dipi ya boma. Munthu akapatsidwa dzina limenelo mukudziwa kumene amapita, ndiponso kuti kulibe khoti.

Ndinakwera sitima Loweruka, n'kusintha pa Nkaya. Fungo linandilonjera ndisanafike pa dipi. Ng'ombe zina zakufa zija zinali zisanakwiriridwe, zitatupa, miyendo m'mwamba, zikopa zitasupuka ngati zathiridwa madzi owira. Ntchentche zinali bii. Ndinapeza anthu ena akulenga nyama kuti ayanike. Nditawaletsa, mmodzi anandiseka.

"Aphunzitsi, poizoni amapsa pa moto. Tikaotcha bwinobwino atha."

Ndinamuuza kuti mankhwala a dipi ndi aseniki, ndipo aseniki sali ngati kachilombo koti n'kufa ndi moto. Ungaphike, ungawambe, ungayanike chaka chathunthu, amakhalabe aseniki. Anapitiriza kulenga. Chimene chinawagonjetsa si mawu anga iyayi, koma agalu awiri amene anadya matumbo dzulo lake ndipo anali gone pambali pa njira. Ndinasanza kuseri kwa chulu, achemwali, ine amene ndimatumbula achule pamaso pa ana a sukulu.

Amosi ndinamupeza atakhala pa khoma la dipi, maso ali ofiira.

"Achimwene, ine ndiye ndinaisamala dipi imeneyi. Miyezi inayi yonseyi sinatsikepo pa mzere wofiira kupitirira sabata zinayi. Anandiuza kuti ikauma simenti imang'aluka."

"Unkathiramo madzi?"

"Mwezi uliwonse madilamu 14, kugubuduza ndekha kuchokera ku mjigo. Ndipo sindinabepo ngakhale chitini chimodzi. Dilamu, chitini. Dilamu, chitini. Onani pakhomapo."

Pakhoma la kanyumba kosungira mankhwala panalembedwa ndi penti lamulo limene anamuphunzitsa: dilamu lililonse la madzi, chitini chimodzi cha mankhwala. M'munsi mwake munali mizere ya makala imene ankalemba yekha pa dilamu lililonse. Ndinaiwerenga kawiri. Inali 56.

Lamulolo ndi labwino pamene ng'ombe zikusamba. Ng'ombe ikamatuluka imanyamula pa ubweya madzi ndi mankhwala omwe, zonse zachepa limodzi, ndiye zonse uonjezere limodzi. Koma dzuwa limamwa madzi okha, aseniki limamusiya momwemo. Dipi yathu imadzaza ndi madilamu 70, ndipo poyamba munali zitini 70. Amosi anaonjezera zitini 56 pa mankhwala amene sanapite kulikonse. Zitini 126 m'madilamu 70. Mukagawa mupeza 1.8. Ng'ombe zija zinasambira mankhwala amphamvu pafupifupi kawiri, pa dzuwa la Okutobala, ndipo zina zaludzu zinamwako.

Ndinatunga madziwo m'botolo la fanta, ndinapungulako mankhwala pang'ono a m'chitini, n'kubwerera ku Balaka.

Lolemba ana atatuluka ndinadzitsekera m'labotale. Ndinasungunula mankhwala a m'chitini pa muyeso woyenera, gawo limodzimodzi ndi la pakhoma lija. Ndinatunga muyeso wofanana m'makapu awiri agalasi, wina wa madzi anga, wina wa mu dipi, n'kuthiramo soda ndi madzi a ufa wa chinangwa. Kenako ndinayamba kudonthezera ayodini kuchokera m'chubu chagalasi chokhala ndi mizere yoyezera. Aseniki akadalimo amameza ayodini, mtundu osaoneka. Akatha, dontho lotsatira limakumana ndi chinangwa chija ndipo madzi amasanduka abuluu. Madzi anga anasintha pa mamililita 10. A mu dipi anasintha pa 17 ndi pang'ono. Ndinabwereza katatu, katatu konse chimodzimodzi. Kuperewera pang'onoko sikunandidabwitse, aseniki wina akakhalitsa m'madzi akuda amasintha mpangidwe ndipo ayodini samugwira. Chachikulu n'chakuti choonjezeracho chinali aseniki yemweyo, pa mlingo umene mizere ya makala inanena. Mankhwala a thonje sachita zimenezo. Che Laisi sanathiremo kanthu.

Tsopano ndikuuzeni chimene ndikuchita nacho manyazi. Pepala la masamuwo ndinalipinda n'kuliika m'kabati, ndipo linakhalamo masiku anayi. Ndinkaphunzitsa Fomu 3 za mphamvu ya zosungunula, kulemba pa bolodi kuti kuchuluka kwa chinthu ugawe ndi kuchuluka kwa madzi, kwinaku mkulu wa zaka zoposa 60 akugona pa simenti ku boma. Ndinkadziuza kuti ndikuyembekeza kuyesanso kachinayi.

Lachisanu masana anabwera ku sukulu mayi Rukia, akazi a Che Laisi. Anakana mpando, anakhala pansi pa khonde.

"Mwalimu, akuti tilembe kalata ya Chingerezi yopepesa. Akuti akavomera kuti anathira, zaka zichepa. Inu mumatha Chingerezi, ndiponso ndinu mwana wa pamudzi."

"Iwo avomera?"

"Iyayi. Akuti Mulungu anaona. Koma Mulungu sasaina, mwalimu. Ndibweretsa chala changa ndidinde m'malo mwawo."

Anali atabwera ndi pepala ndi envulopu, atakulunga m'kansalu kuti zisade. Ndinawauza kuti sindilemba, abwerere, Lolemba ndidzakhala kumudzi. Ankaganiza kuti ndawakana chifukwa cha mantha, ndipo sanalakwitse kwenikweni.

Lamulungu ndili kumudzi, titachoka ku tchalitchi, ndinamutengera Amosi ku dipi. Ndinamufunsa kuti mayi akaiwala ndiwo pa moto, msuzi n'kuphwera, amaonjezera madzi okha kapena madzi ndi mchere. Anayamba kuseka, kenako analeka. Anatola kamtengo n'kulemba pa dothi 70, pansi pake 56.

"Ndiye ndikanakhala waulesi ng'ombe zikanakhala moyo?"

"Ukanathira madzi okha. Palibe anakuuza. Denga likanakhalapo sakanaphwera chonchi."

"Koma wathira ndine."

"Wathira ndiwe."

Anafufuta manambala aja ndi phazi. "Mawa mubwere nawo mabotolo anuwo."

Lolemba kunabwera Landirova ndi wapolisi mmodzi ndi bwana wa za ziweto wochokera ku boma, kudzalemba lipoti lomaliza. Dzina lake sindilemba. Anthu anasonkhana pa dipi pomwepo. Ndinapempha mwaulemu kuti ndiyankhule, ndinayamba ndi kuthokoza onse oyenera kuthokozedwa, ndipo ndinaika makapu anga awiri pa dilamu. Ndinapatsa wapolisi uja kuti awerenge yekha mizere ya pa chubu. Kapu yoyamba inasanduka yabuluu pa 10. Yachiwiri anawerenga mokweza, 11, 12, mpaka 17. Ndinafotokoza za dzuwa ndi za msuzi wophwera. Amayi amene anakhala kumbuyo anamva msanga kuposa amuna, ndinawamva akung'ung'udza.

A Chande anaomba m'manja pang'onopang'ono.

"Zikomo aphunzitsi, matsenga abwino. Ndiye mukuti timange dzuwa? Abwana apolisi, unyolo wanu ungakwane?"

Achinyamata awo anaseka.

"Sindikuti mumange munthu," ndinatero. "Ndikuti Che Laisi sanathire kanthu. Madzi anaphwera chifukwa dipi inali pa mtetete."

"Pa mtetete chifukwa chiyani? Nenani bwinobwino, abwanawa alembe. Mukuti msonkhano wa chipani ndi umene wapha ng'ombe?"

Achemwali, anthu oposa zana anali pamenepo, ndipo aliyense amagayitsa chimanga pansi pa malata amenewo. Onse anayang'ana pansi. Inenso ndinayang'ana pansi. Ndinali nditakonzekera mafunso onse a masamu, koma limenelo ndinalibe yankho loti n'kubwerera nalo ku Balaka.

A Chande anapitiriza mofatsa. "Ng'ombe 11 sizifa zokha. Landirova yabwera kuchokera kutali, siingabwerere yopanda kanthu. Ngati si Laisi, ndani?"

Amosi anaimirira, atavula chipewa.

"Ndine, abwana. Zitini 56, ndinathira ndi manja angawa. Kiyi amakhala ndi ine. Che Laisi sanayandikirepo."

Lipoti linalembedwa pomwepo pa bonati ya galimoto. Likuti wantchito wa pa dipi anathira mankhwala opyola muyeso chifukwa cha kusasamala. Za denga mulibe. Za lamulo la pakhoma mulibe. Kusasamala, Amosi! Munthu amene anagubuduza madilamu 56 popanda womutuma.

Chimene chinandinyansa koposa nyama yowola ija ndi ichi. Ndikulongedza magalasi anga, bwana wa za ziweto uja anandiyandikira ngati akufuna kuona chubu, n'kunena chapansipansi: "Mwayesa bwino, aphunzitsi. Ine ndinadziwa tsiku loyamba, nditangoona kuti denga palibe. Kabokosi koyesera kali m'galimotomu." Munthu wophunzira, wa satifiketi yake. Kabokosi kanali pansi pa mpando masiku onsewo, ndipo sanakatsegule chifukwa ankadziwa chimene kakanena. Ndinafuna kumulavulira. Kenako ndinakumbukira kabati yanga, ndipo ndinangomanga chikwama.

Che Laisi anatuluka Lachitatu. Aonda, akutsokomola, koma ali kwawo. Amosi ali ku boma. Mlandu wake ndi wa kuononga, osati wa kuukira, choncho upita ku khoti, ndipo amene amadziwa zinthuzi akuti mwina miyezi isanu ndi umodzi. Ntchito yatha. Dipi aikapo mphwake wa a Chande, ndipo lamulo lija likadali pakhoma momwe linalili.

Amosi ndinakamuona dzulo. Sanadandaule. Anangofunsa ngati ng'ombe zotsala zayamba kudya, ndiponso ngati dipi aikapa. Ndinamuuza kuti sanaikape. Anandigwira dzanja pa waya n'kunena kuti ndiuze eni ng'ombe mmodzimmodzi asalowetse kufikira atachotsa madilamu 31 n'kuthiramo madzi okha. Anawerengera yekha m'mutu ali m'chitolokosi, ndipo nditabwereza pa pepala ndinapeza kuti sanaphonye.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Manja ake asupuka m'zala ndi mankhwala aja, ndipo kumeneko kulibe chopaka. Ngati muli ndi mafuta oyenera, mupatsire mnzanga yemweyu pobwerera. Chachiwiri, mulembereni kalata Amosi, ya ku positi, yopanda nkhani iliyonse, ya ana ndi mvula basi. Amamva inu kuposa ine.

Sindikupemphani kuti munene kuti ndinachita bwino. Nambala ija ndaibwereza mokwanira ndipo siisintha.

Mupereke moni kwa alamu ndi kwa ana onse, makamaka Saida amene ndamva kuti wayamba sukulu. Mlamu wathu Dalesi, mkazi wa Amosi, akuti zikomo chifukwa cha nsalu, mwana akuyembekezeka mu Januwale. Mayi Rukia amamubweretsera nkhuni m'mawa uliwonse, amazitula pa khomo osagogoda. Mayi athu ali bwino, miyendo yokha. Akupereka moni kwa inu nonse, ndipo akuti mubwere pa Khirisimasi. Zimenezi anauza Dalesi kuti andiuze, ine nditakhala pa mkeka womwewo.

Ndine mlongo wanu,
Blasius